Wosamba Pomaliza

Chaka chimenecho mvula inathawa mu Febuluwale, mtsinje n'kuuma. Mutinta ankafukula mchenga mpaka m'chiuno kuti apeze ndowa ziwiri za anthu asanu ndi atatu.

Pakhomo pa apongozi ake, a Hamoonga, posamba m'manja beseni linali limodzi, ndipo ankayamba ndi aakulu. Pofika kwa Luyando, mwana wa Mutinta wa zaka zitatu, madziwo ankaoneka ngati thobwa.

Luyando atatsegula m'mimba kachitatu, maso kulowa m'kati, Mutinta anachita mantha.

"Aaa, ndi chifunga cha fumbi ichi, angosiya yekha," anatero mlamu wake Miyanda.

Mutinta anabereka mwanayo, ulendo wa kuchipatala. Atam'mwetsa thanzi, madzi a mchere ndi shuga, namwino Nchimunya anafunsa, "Kodi amasamba m'manja asanadye?"

"Tsiku lililonse, anesi. Sitife auve ife."

"Amasamba wachingati?"

"Womaliza."

"Ndiye kuti amadyera litsiro la anthu asanu ndi awiri."

Namwinoyo anaboola chitsekero cha botolo ndi msomali. "Muzithirirana. Sopo akasowa, phulusa lilipo."

Kunyumba Miyanda anaseka chikhakhali. "Iwe, madzi ofukula ndi zikhadabo uzimwaza pansi? Kawauze wekha bambo!"

Mutinta anagwada pamaso pa apongozi akewo ndi botolo lake.

"Amake Luyando, ine ndisambe timadontho ngati nkhuku?" anafunsa a Hamoonga.

"Muziyamba ndinu monga kale, bambo. Kungoti mdzukulu wanuyu asamalandire zotsala."

Mkuluyo anayang'ana Luyando, amene kamkanda kake kanali katakhwepa padzanja, n'kutambasula manja. Botolo limodzi linakwanira banja lonse, pamene beseni lija linkameza mabotolo atatu.

Madzi odontha ankagwera m'beseni lomwe lija, Mutinta n'kumathirira tomato kuseri kwa khola. Miyezi inadutsa Luyando osadwalanso, masaya n'kubwerera. Mutinta anayambanso kuimba pofukula mchenga.

Tsiku lina atagwada kuti awathirire, a Hamoonga analanda botololo n'kukodola mdzukulu wawo.

"Bwera kuno, iwe. Wamaliza mokwanira. Kuyambira lero uziyamba ndiwe."

Phunziro: Madzi akachepa tisasiye ukhondo. Kuthirirana posamba m'manja kumasunga madzi ndiponso kumateteza ana athu.