M'nyumba Muno Mulibe Benedicta

Amuna anga a Maxon anamwalira akundiitana, ine osamva. Amene anachititsa zimenezi ndi Madamu Marisol, mayi wa ku Colombia amene ndimamugwirira ntchito ya m'nyumba ku Al Barsha, kuno kudziko la Aluya. Dzina lake ndalilemba dala. Iye langa sanalisunge.

Ine ndine Benedicta. Tsiku limene ndinalowa m'nyumbamo, Madamu anati dzina langa ndi lalitali, ndikhale Lily ngati wantchito amene anachoka. Ndinavomera. Mwana wanga Tiwale ali pasukulu ku Balaka, ndikanakana bwanji?

Korona itavuta mu 2020 tonse tinatsekeredwa. A Maxon anali ku Naif, dera lina la mzinda womwewu, kumene ankanyamula makatoni m'mashopu, ine kuno. Foni yanga Madamu ankaitsekera m'kabati kuyambira m'mawa mpaka nditsuke mbale zamadzulo, ati ntchito ndi foni siziyendera limodzi. N'chifukwa chake ndinawapatsa a Maxon nambala ya foni ya m'nyumba, kuti pakagwa zovuta aimbe pamenepo.

Masiku amenewo m'nyumbamo munali nkhondo. Paloma, mwana wa Madamu, anali atabwera kuchokera ku yunivesite ku America. Iye ankati anthu akwawo asamangotchedwa Latino kapena Latina, azitchedwa Latinx, chifukwa ali ndi mnzake amene safuna kutchedwa mwamuna kapena mkazi, ndipo dzina la mtundu liyenera kukwana aliyense. Madamu ankamenya tebulo. Ankati iye anabadwa Latina adzafa Latina, mawu enawo anapanga ndi anthu osadziwa n'komwe Chisipanishi. Paloma ankati amayi ake alibe chisoni ndi anthu. Ankakangana m'Chingerezi poti Paloma chilankhulo chakwawo chinayamba kumuthawa, ndiye ndinkamva zonse ndikukolopa.

Tsikulo ndinkasita zovala m'kachipinda kochapira. A Maxon anali atandiuza dzulo lake kuti ndi chifuwa chabe, ndisadandaule. Foni ya m'nyumba inalira pakati pa phokoso lawo. Madamu anayankha mwachangu n'kudula. Inaliranso. Ndinangomva Madamu akuti khalas, ndiye kuti basi m'Chiluya, mkangano n'kupitirira.

Atandibwezera foni yanga madzulo, ndinapeza kuti Lubasi waimba mpaka kutopa. Lubasi ndi wa ku Zambia, ankagona chipinda chimodzi ndi a Maxon. Ndinamuimbira.

"Mulamu, munali kuti tsiku lonse?"

Anandiuza kuti a Maxon anatengeredwa kuchipatala m'mawa akubanika. Masana nesi wina wachifundo ataona kuti zafika poipa, anafuna kuwaikira foni pakhutu kuti alankhule ndi mkazi wawo. Yanga inkangolira m'kabati. A Maxon anatchula nambala ya m'nyumba, nesi anaimba kufunsa Benedicta, anauzidwa kuti m'nyumba muno mulibe munthu wotero. Nesiyo anaimbira Lubasi, Lubasi anayesa nayenso, yankho lomwelo. Dzuwa lisanalowe a Maxon anatsirizika.

Ndinalira monga timalirira kwathu, nditakhala pansi, mokweza. Madamu anabwera atavala masiki n'kuima pakhomo. Nditamufunsa, anati akanadziwa bwanji, mapepala anga amasunga ndi Bwana, mwamuna wake. Anatinso kumaliro sindingapite, ndingabweretse matenda m'nyumba. Amuna anga anaikidwa m'manda ine ndikumenya mazira a chakudya cham'mawa.

Paloma anabwera kukhitchini maso ali ofiira. Anapepesa, kenako anandifunsa mwaulemu kuti ndimafuna kuti azinditchula ndani.

"Panopa landithandiza chiyani dzinalo? Amene ankalitchula bwino mwamukwirira ine kulibe."

Ndege zitayambanso kuuluka Paloma anabwerera ku America. Madamu anayesa Benedicta kwa masiku ochepa, lilime likumupindika, kenako tinabwerera kwa Lily. Ndimayankhabe. Tiwale sanamalize sukulu, ndipita kuti? Madamu akaimbirana foni ndi mwana wake amakanganabe za Latina ndi Latinx, ine ndikukolopa pansi pa mapazi ake.

Mnzake wa Paloma uja amutchule mmene akufunira, ine sindikukana. Kuitanidwa dzina losakhala lako ndikudziwa kupweteka kwake kuposa onsewo. Koma onse awiri, woti Latina ndi woti Latinx, anali m'chipinda chomwecho foni ikulira, ndipo palibe anatsegula chitseko kundifunsa.

Inu amene mukuwerenga, amene munapita patali ndi sukulu, musandiuze kuti pepani. Pepani ndamva wokwanira. A Maxon anali ndi mawu oti andiuze. Anali otani? Ndikawamva kwa yani? Ndiyankheni.