Nkhwali Yotsokomola

Nkhwali za m'nkhalango ya paphiri zinali zitatsala zochepa, ndipo mlonda wa nkhalangoyo ankazidziwa ngati ana ake. Ndi mbalame za mlomo wofiira, zamantha kwabasi, zosapezeka kwina kulikonse. Pofuna kuziwerenga, ankaliza pa foni kulira kwa tambala wa nkhwali kumene anajambula yekha, izo n'kumatulukira. Cholakwika chinali chimodzi: pojambulapo, iye anatsokomola pakati pa kulirako. Koma munthu wonyadira ntchito alibe chinsinsi. Anatumizira abale onse kuti amve nawo, mpaka kunyumba anayamba kumutchula kuti Bambo a Nkhwali.

M'mawa wina, asanatulutse n'komwe foni m'thumba, anamva tambala akulira kumunsi, cha kukhwawa kumene thadzi lina linkafungatira mazira. Anamwetulira. Kenako, pakati pa kulirako, munthu anatsokomola.

Chinali chifuwa chake chomwe.

Anatsetsereka akuthamanga, akuterereka pamasamba onyowa, minga ikumukala kumaso. Kuseri kwa chitsa anapeza mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, atanyonyomala. Foni ya mlamuyo inali pamwala patsidya, misampha ya waya atatchera mozungulira.

"Alamu, zimitsani chimenecho!" anatero mlonda.

"Aa, alamu, mwalawira. Musakuwe, muthawitsa ndiwo."

"Ndati zimitsani!"

"Si inu munatitumizira nyimboyi? Ine ndimati mukutikumbukira abale anu."

Masamba anachita tswatswa. Thadzi lija linatulukira, litasiya mazira, likusuzumira uku ndi uku kufuna tambala. Kuti mlonda adumphe, mbalame ikanadzidzimuka n'kuthawira m'misampha momwemo. Kuti angoima, ikanalowamo yokha. Foni inali kutali ndi dzanja lake, ndipo mlamu uja ankangonyambita milomo.

Tambala wa m'foni analiranso, thadzi n'kusuntha pang'ono. Mlonda anaganiza zoliopseza pang'ono chabe, kuti libwerere kumene lachokera, ndipo anatsokomola mwamphamvu.

Mbalame ina iliyonse ikanabwerera. Koma iyi chifuwa chimenechi inkachidziwa kalekale, ndipo mwini wake anali asanaichitepo choipa. Inatukula khosi, n'kuyamba kuyenda molunjika kwa iye, osaopa ngakhale pang'ono.

Pakati pa awiriwo panali waya.