Bwato la Anthu Awiri

Simão anafika kukhoti la ku Boma dzuwa lisanayambe kuwotcha, koma anapeza Tenson atakhala kale pabenchi lapanja, chipewa chili pabondo. Benchilo linali lalitali ndithu. Simão anakhala kumapeto kwake n'kukhosomola pang'ono, monga amachitira munthu wofuna kuti mnzake atembenuke. Tenson anapitiriza kuyang'ana mbuzi zimene zinkadya makoko a mango pabwalo.

"Mwauka bwanji, shamwali?" anafunsa Simão.

Tenson anangotola chipewa chake n'kuvala.

Amuna awiriwa anakalambira m'bwato limodzi. Simão anawoloka mtsinje ali mnyamata pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo nyumba yoyamba imene inamuyalira mphasa inali ya makolo a Tenson. Atakula anasonkherana n'kukhometsa bwato la matabwa. Tenson ankapalasa, Simão ankaponya ukonde, ndipo nsomba ankagawana osawerenga. Mkazi wa Simão anamwalira kalekale, ana ake anamezedwa ndi Lusaka, choncho munthu amene ankamva mawu ake tsiku ndi tsiku anali Tenson yekha.

Zinthu zinasokonekera pamaliro a Verónica, mkazi wa Tenson. Kumudzi kwawoko kukagwa maliro, mabwato onse amakokeredwa pamchenga mpaka mtembo utaikidwa m'manda. Simão ankaudziwa mwambowu monga ankadziwira dzina lake. Koma analibe chilichonse choti n'kupita nacho kusiwa, ndipo manyazi anamudya. Amalonda ena atapempha kuti awawolotsere ku Zumbo, tsidya la ku Mozambiki, iye anaganiza kuti akhala atabwerako okumba manda asanamalize. Mphepo inamutsekera tsidya lija. Anafika kumudzi atasenza thumba la ufa wogula ndi malipiro a ulendowo anthu akuchokera kumanda, ndipo Tenson anayang'ana thumbalo, n'kuyang'ana buluku lonyowa la mnzakeyo, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo Tenson sanamuyankhulenso. Mvula inagwa n'kutha, kenako kunabwera masamoni: Tenson ankapempha khoti kuti bwato ligulitsidwe, aliyense atenge gawo lake.

"Ba Simão, jekete iyi mwavala monga muyenda kukakwatira," anatero Philomena akufika ndi buku m'khwapa. Mayiyu ankagulitsa nsomba zouma pamsika, komanso ndiye anali mlembi wa kalabu ya asodzi. Anamukokera Simão pambali. "Mukumbuka zamene ninakuuzani? Mukangoyamba kukangana za mulandu mukati umu, ndiye kuti mwavomera kuti ni wa pano. Olo akukambeni bwanji, imwe mau yanu ni yamodzi chabe: nizayankha kwa akuluakulu."

"Nizayankha kwa akuluakulu," anabwereza Simão ngati mwana wa katekisimu.

Kalabuyo inali ndi lamulo lakuti asodzi akayambana pa za bwato kapena ukonde, nkhani izipita kwa akuluakulu atatu a kalabu, osati kukhoti. Simão sankadziwa zambiri za malamulo, koma ankadziwa mmene akuluakuluwo ankathetsera milandu. Oyambanawo ankakhala pamphasa imodzi, aliyense n'kukhuthula za kukhosi mpaka zithe, ndipo pomaliza ankadya nsomba yowotcha m'mbale imodzi. Bwatolo iye analibe nalo ntchito kwenikweni. Chimene ankafuna chinali mphasa ija, kuti Tenson amutukwane mmene angathere, kenako amumve.

Woweruza anali mayi wachitsikana wa magalasi, wosataya nthawi. Atamva mbali zonse anatseka cholembera chake.

"Lelo sinizakamba kuti wolakwa ni ndani," anatero. "Nifuna chabe kuziba ngati mulandu uyu ukhale pano olo uyende kwa akuluakulu banu. Ba Tenson, chidindo cha chala ichi chili mu buku ya kalabu ni chanu?"

"Ni changa, amayi."

"Alipo anakukakamizani kufaka?"

"Palibe."

"Pa akuluakulu batatu aja, alipo wamene muganiza kuti angakondere?"

Tenson anapukusa mutu. Bodza linali lisanamukhalepo bwino chibadwire.

"Ni bantu babwino," anayankha. "Koma ine sinifuna kuyanjanitsidwa, amayi. Kuja bazatikhalika pamphasa monga bana bamenyana pa mango. Iyi si nkhani ya usodzi. Ni nkhani ya malilo."

"Chamene mwanibweretsera ine ni bwato," anatero woweruza mofatsa. "Malilo sininga yaweruze."

Apa m'pamene Tenson anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire Verónica, anamuyang'ana Simão m'maso.

"Ndiye mufunseni, amayi. Mufunseni uyu wamene mkazi wanga anali kumuphikira zaka zonse izi. Unali kuti, Simão? Pamene tinali kumufotsera, unali kuti?"

Mawu onse amene Simão anakhala akuwasunga miyezi yonseyo anakwera mpaka pakhosi: za manyazi, za mphepo, za momwe analirira ali yekha padoko la ku Zumbo. Anatsegula pakamwa. Kumbuyo kwake Philomena anakhosomola, n'kumukoka jekete. Simão anachita mantha kuti akayankha ataya mphasa ija, ndipo anaweramitsa mutu.

"Nizayankha kwa akuluakulu," anatero.

Tenson anamuyang'anabe kwa kanthawi, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kukhala pansi.

Woweruza sanachedwe. Anati onse awiri anagwirizana mwa kufuna kwawo kuti nkhani zotere zizipita kwa akuluakulu, nkhani ya bwato ili m'kati mwa pangano limenelo, ndipo palibe amene wasonyeza kuti akuluakuluwo ndi okondera. Choncho khoti laimitsa mlanduwo, ndipo awiriwo apite kumene analonjezana.

"Mwawina, mudala!" anatero Philomena ali panja, uku akumumenya paphewa ndi buku lija. "Manje nkhope mwaikwinya chani monga mwameza munga wa nsomba ya nchenga?"

Simão anayesa kumwetulira. Ankayang'ana Tenson amene anali atafika kale kumsewu, akuyenda mowerama, osacheuka.

Tsiku la akuluakulu litakwana, Simão anadzuka m'mamawa n'kukagula pende wamkulu wa mafuta, chifukwa ndiye nsomba imene Tenson ankaikonda. Anaipereka kwa amayi oti awotche. Mphasa inayalidwa pamthunzi kuseri kwa shedi ya kalabu, akuluakulu atatu anakhala pamipando yawo, ndipo fungo la nsomba linayamba kufika pamene iwo anali. Simão anali atawakonza mawu ake bwinobwino, kuyambira poyambira mpaka pothera.

Tenson anafika pa nthawi yake, atavala malaya oyera. Anapereka moni kwa akuluakulu mmodzimmodzi mwaulemu wonse, n'kukhala m'mphepete mwenimweni mwa mphasa.

"Tenson, mwana wathu," anatero wamkulu wa onse, "mulandu siuwola. Iwe ndiwe unadandaula, yamba ndiwe. Khuthula vonse."

"Nabwera chifukwa khoti yanituma," anatero Tenson. Mawu ake anali ozizira, opanda mkwiyo. "Koma mulandu nilibe. Bwato atenge. Gawo yanga namupatsa pamaso panu."

"Iyayi, sitichita choncho. Nkhani ikalibe kukambidwa."

"Funso yanga inali imodzi chabe, bakulu. Ninamufunsa ku Boma, pamaso pa bantu. Ananiyankha."

"Shamwali, nimvereko," anatero Simão, mawu akuthothoka mosalongosoka. "Ninalibe kanthu kobweretsa, ninamvera nsoni. Mphepo ija..."

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero Tenson, osamuyang'ana. "Ninafuna kumva pamene paja. Lelo sinifuna."

Akuluakulu anayesa. Anamukumbutsa za makolo ake amene anamulandira Simão ngati mwana, anamukumbutsa za kutchalitchi, wina mpaka anamunyoza kuti mtima wouma ndi wa ng'ona. Tenson anamvetsera zonse modekha, manja ali pamawondo. Koma lamulo la kalabu linkawapatsa mphamvu yoweruza anthu olimbirana chinthu, ndipo apa panalibe wolimbirana. Potsiriza wamkulu uja anapumira m'mwamba n'kuuza Philomena kuti alembe zoti bwato ndi la Simão.

Tenson anathokoza, anadzuka, n'kumapita. Nsomba inafika iye atakhota kale kuseri kwa shedi. Mayi amene anainyamula anaima nayo mbaleyo m'manja, osadziwa poiika.

"Ine ninali kufuna kukuthandizani, ba Simão," anatero Philomena chapansipansi. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Niziba, mwana wanga," anayankha Simão. "Kamwa inali yanga."

Masana omwewo anapita kudoko, anakankhira bwato m'madzi n'kulipalasa yekha. Sanali wozolowera kukhala kumbuyo, choncho bwatolo linkangokhotera uku ndi uku, ndipo amayi ochapa m'mbali mwa mtsinje anasiya kuchapa n'kumamuonerera. Anafika nalo padoko lakumunsi, pafupi ndi nyumba ya Tenson, n'kulimangirira pachitsa. Anaima pang'ono akuyang'ana chitseko chotseka cha nyumbayo, kenako anabwerera kwawo wapansi. M'njira anadzilimbitsa mtima kuti munthu sangaone bwato lake pakhomo n'kulekerera, ndipo ngakhale atabwera kudzamukalipira, kukalipako kukhala kuyankhula ndithu.

M'mawa mwake anapeza bwato lili padoko lake, lomangidwa bwinobwino, madzi atakapidwamo. M'kati mwake munali nkhafi ya Tenson, imene mwini wakeyo sankaisiya m'bwato ngakhale tsiku limodzi, ndipo sankalola munthu wina kuigwira. Simão anaitola. Chogwirira chake chinali chitasalala n'kulowa m'kati potengera dzanja la mwini wake. Anakhala nayo pansi pamchenga, ataiika pamiyendo.

Asodzi anzake anamudutsa awiriawiri kupita kumadzi, ndipo palibe amene anamufunsa kanthu.