Mpeni M'dzanja la Enoch

Bwana Tunstall sanakwerepo ngakhale kabwato ka pa mtsinje wa Thames, koma ndiye ankatulutsa timabuku ta ana ta maulendo a ku China ndi ku Arabia. Bodza lokhalokha! Ine ndi mnzanga Keziah tinkapaka utoto pa zithunzi zake, kuseri kwa makina osindikizira, ku London konkuno mu 1824.

Zithunzizo ankazisema pa timatabwa, ndipo kuumira kwa munthu uja, kathabwa kamodzi kankalowa m'mabuku asanu. Ngamila ya ku Arabia mawa lake inkapezeka ku Russia. Ife tinkangoseka.

Koma kathabwa kena kanali ndi nkhope ya Enoch, mwamuna wa Keziah. Wosema anamukhazika pansi tsiku lina, zaka zingapo m'mbuyomo, n'kumusema ngati woyendetsa sitima wachifundo, galasi loonera patali lili m'dzanja. Chaka chomwecho Enoch anamira panyanja, Keziah ali ndi pakati. Timabuku toyamba tija ana anang'amba kalekale. Nkhope ya Enoch inangotsala pa kathabwako basi, ndipo Keziah anali atalonjeza mwana wake Tabitha kuti bukulo likadzasindikizidwanso adzawaona bambo ake.

Lachiwiri lina m'mawa anatiunjikira mapepala atsopano. Keziah ananyamula limodzi n'kuliyang'anitsitsa. Enoch yemwe uja, ndevu zomwe zija, koma pamene panali galasi anaboolapo, n'kukhomera kamtengo kena, n'kusemapo mpeni. M'munsi analemba kuti ndi chigawenga cha panyanja chopha ana.

"Pampenipo muthire wofiira wambiri," anatero Tunstall. "Ana amakonda magazi."

"Bwana, awatu ndi amuna anga."

"Amuna ako anadyedwa ndi nsomba, mayi iwe. Ili ndi thabwa langa. Paka!"

Keziah anamuswera mbale ya utoto kumaso, phwa! Tunstall anamubwezera chibakera cha pakamwa, mnzanga n'kukagwera pa bokosi la zilembo zamtovu, zilembo mbwee pansi ponse. Anadzuka akulavula dzino, anatola nyundo yamtengo n'kumukhoma nayo pabondo. Chibambo chonse chija chinakuwa ngati nkhumba.

"Ndikupha, mfiti iwe!"

"Ipha! Koma amuna anga undipatsa!"

Keziah anatsomphola kathabwako patebulo n'kuthamangira kukhomo. Tunstall anamugwira tsitsi, kumukokera chagada, kumuombetsa mutu pa chitsulo cha makina kawiri konse. Keziah anamuluma chala mpaka fupa, koma kathabwa kanalandidwa. Ine ndinangoima, burashi ili m'manja. Ndimadzida nazo mpaka lero.

"Ukuwafuna amuna ako? Kawatenge!" Tunstall anatsegula mbaula n'kuponyamo kathabwako.

Mayo ine! Keziah anapisa dzanja m'makala mpaka m'chigongono. Fungo lake sindidzaliiwala. Pamene ankatulutsa kathabwako, nkhope inali itasanduka khala, ndipo zala zimene ankagwirira burashi zinali zitapsereratu. Tunstall anamukankhira mumsewu, ntchito n'kuthera pomwepo.

Ine ndinaba pepala limodzi. Lamulungu ndinapita nalo kwawo, ndinadula mpeni uja ndi mawu ake ndi sizasi, n'kumupatsa Tabitha. Mwanayo anawayang'ana bambo ake tsiku lonse, mpaka kuwasiyirako buledi.

Patapita mwezi tinkadutsa tonse atatu pafupi ndi tchalitchi cha St Paul's, kumene kuli mashopu a mabuku. Buku latsopano lija analitsegula pawindo. Tabitha anathawa m'manja mwa amayi ake n'kukakanikiza mphuno pagalasi.

"Amayi, taonani ababa! Agwira mpeni. Amupha ndani?"

Keziah anatembenuka n'kundiyang'ana ine, chifukwa ankadziwa kupaka kwanga. Wofiira wa pampeniwo ndinapaka ndine, mapepala onse zikwi ziwiri.