Njere za nandolo za a Kalinde

Ine Trevor Sungani palibe mlandu umene unandikanikapo. Apolisi a ku Beira ndinawanyengerera ndisakudziwa Chipwitikizi, ku Bulawayo ndinagulitsa mabulangete dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo chigayo changa cha pa Milepa palibe anandithandiza kugula. Chimene chinkandisowa ndi satifiketi basi. N'chifukwa chake mu 2003 ndinalembetsa sukulu ya masana ya akuluakulu, ndipo phunziro la mabuku a Chingerezi linandilowa mumtima.

Buku la mayeso linali sewero la chikondi. Aphunzitsi anati sewero saliwerenga chamumtima, choncho anatigawira mbali: ine mnyamata wofunsira, mayi Maluwa namwali wofunsiridwayo. Mayiwa anali anzeru kuposa tonse, ndipo ankafuna akakhoza akaphunzire unamwino.

Posakhalitsa ndinaona kuti pawindo pamaima munthu. Ndikayamba kuwerenga amafika, ndikasiya amachoka, dzanja lili m'thumba nthawi zonse. Ndinaganiza mpeni, chifukwa ku Joni ndinaonako zotere. Nditafufuza ndinamva kuti ndi a Kalinde, okonza njinga, amuna awo a mayi Maluwa. Kenako mayiwo anasiya kubwera, mayeso atayandikira.

Ndinapita pansi pa mtengo wa mango pamene a Kalinde amagwirira ntchito, n'kuima patali pang'ono. Sanandipatse mpando. Anapisa m'thumba muja, ine n'kubwerera m'mbuyo, koma anatulutsa njere za nandolo n'kuziyala pa chishalo cha njinga.

Anati Chingerezi sachimva, koma liwu limodzi amalidziwa chifukwa cha nyimbo za pa wailesi, ndilo lavu. Ndikalitchula ndikuyang'ana akazi awo, iwo amaponya njere m'thumba. Ndinafotokoza kuti mawuwo si anga, ndi a mzungu amene anafa kalekale. Anandifunsa ngati mzunguyo ndi amenenso ankagwira pamtima n'kutsinzina. Apo ndinavomera kuti ameneyo ndinali ine, chifukwa ine chinthu sindichita mwatheka.

"Ngati ndi mawu chabe, achimwene," anatero, "mundibwezere. Nanenso ndikawauze akazi anu, inu muli pompo."

Ndinavomera msanga, koma m'njira mtima unayamba kundiluma. Felista wanga a Kalinde anamudziwira kuti? Nanga njinga yake bwanji imaphwa matayala kawirikawiri chonchi? Ndinamufunsa mozungulira, iye n'kundiuza kuti ndikafunse minga ya njira ya ku Nchema.

Loweruka a Kalinde anabwera kuchigayo atavala jekete, mayi Maluwa ali pambuyo, aphunzitsi ngati mboni. Ndinazimitsa injini kuti ndimve bwino. Amayi odikira ufa anaunjikana. A Kalinde anaima pamaso pa Felista, nagwira pamtima monga ndinkachitira ine, n'kuyamba. Akatchula lavu, amandipatsa njere imodzi m'manja. Poyamba mawu ankatuluka mouma, koma chapakati anayamba kukoma, ndipo Felista analeka kuseka n'kuyang'ana pansi. Zimenezo sindinazikonde.

Itatha njere yomaliza anandigwira chanza, nauza akazi awo kuti Lolemba apite kusukulu. Mayi Maluwa anakhoza bwino, ine ndinangodutsa.

Koma Loweruka lija ndinaona a Kalinde akukokanso mpweya kuti alitchulenso, thumba lili lopanda kanthu.

"Basi, bambo," ndinatero, ndikufumbata njere zija. "Khumi ndi zinayi. Ngongole yatha."

Ndinalizanso injini.