Zitumbuwa za Mayi Pyo pa Masiku Osala

Mumpingo wawo ku Mokpo munalibe munthu wodyetsa anzake ngati Mayi Pyo Gil-ja. Zaka makumi awiri ankalamulira khitchini ya tchalitchi, ndipo ukawauza kuti wadya kale, ankakuyang'ana m'masaya n'kukupakulira ndithu.

Tsono mwana wawo Tae-ho, amene adafika zaka makumi anayi asanakwatire, adapeza mkazi. Vuto linali bambo a mkaziyo, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, amene adakana kawiri konse kumuona. Kachitatu adalola kuti Loweruka masana mnyamatayo akagwade pamaso pawo. Mayi Pyo atamva, adapita kwa Abusa Yeom kukatsanzika. Amati akwera kuphiri la mapemphero, masiku atatu osadya, madzi okhaokha.

"Amayi, jakisoni wa shuga mumabaya kangati patsiku?" adafunsa abusa.

"Kawiri. Koma Mulungu akudziwa."

"Akudziwadi, n'chifukwa chake adakupatsani dokotala. Mukapita kuphiri, Loweruka Tae-ho adzakhala pambali pa bedi lanu kuchipatala m'malo mokapempha mbeta."

Abusa adatenga pepala n'kujambula timabokosi tisanu ndi tinayi, kuyambira chakudya chamadzulo Lachitatu mpaka cha masana Loweruka. Kunali kusala kolandizana, monga mpingo umachitira ukakhala ndi nkhawa: aliyense adumphe chakudya chimodzi, amwe madzi, apemphere nthawi imeneyo, mnzake alandire. Oyembekezera ndi akumwa mankhwala sankaloledwa. Amayi a m'gulu la Mayi Pyo adalimbirana kulemba maina, pepala n'kudzaza.

"Nanga ine?" adafunsa Mayi Pyo.

"Inu mudzidya nthawi yake, mudzipemphera mutakhuta."

Adabwerera kunyumba mtima uli phuphu. Mwana wawo yemwe, njala ya anthu ena! Lachinayi m'mawa manyazi adawagwira mpaka manja adayamba kuyabwa. Munthu akukuvutikira, iwe ungokhala? Adakazinga zitumbuwa za nyemba zothira kimichi, kabichi wowawasa wa tsabola, n'kuzikulunga pansalu zili zotentha. Adayang'ana papepala kuti aone woyenera kumuthokoza: Lachinayi masana, Mayi Seol. Ndipo masana enieniwo adagogoda pakhomo pa Mayi Seol.

Mayi Seol adatsegula Baibulo lili m'manja. Anali wamng'ono kwa Mayi Pyo ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo wamkulu akakupatsa chakudya ndi manja awiri sukana.

"Achemwali, komatu panopa ndili..."

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndabwera. Taona nkhope yatha kale! Kamodzi kokha, kulawa si kudya."

Mayi Seol adalawa zinayi.

Lachisanu madzulo zidachitikanso kwa Mayi Eom, ndipo ulendo uno unali msuzi wa nkhanu. Mayi Eom adakana katatu monga mwa ulemu, kachinayi adatenga supuni. Atatha adaimbira abusa foni akulira, pakamwa pakadali mafuta.

Abusa Yeom adaseka mpaka kutsokomola, kenaka adaimbira Mayi Pyo. "Amayi, kusala kwathu mwakuboola pawiri. Musadandaule, Mulungu sakhala ndi sikelo yoyezera mimba za anthu. Koma chonde mapoto anu atsekereni."

Apo ndi pamene Mayi Pyo adazindikira zimene adachita. Adakhala pansi m'khitchini n'kuyamba kulira kwenikweni. Kusala adawakaniza, ndipo kusala kwa anzawo adakuwononga ndi manja awo. Mwana akakanidwa mawa, adzaloza ndani?

Amuna awo, a Bong Man-sik, msodzi wopuma amene kutchalitchi ankangopita tsiku la ukwati kapena maliro, ankamvetsera ali pachipinda china. Kenaka adavala nsapato n'kutuluka.

Loweruka m'mawa Mayi Pyo adayala tebulo monga mwa masiku onse: mpunga, msuzi, nsomba yowotcha, timbale ta ndiwo. A Bong adakhala pamalo pawo, n'kuvundikira mbale yawo chafufumimba.

"Bambo a Tae-ho, mwadwala?"

"Ukonde ukabooka pawiri amasoka pawiri. M'mawa uno ndi masana, ine."

"Inu? Munthu wosadumpha chakudya ngakhale panyanja pali namondwe?"

"Ndawafunsa abusa anuwo dzulo. Akuti shuga ndilibe, mankhwala sindimwa, chimene ndili nacho ndi mimba yokha. Akuti ndizimwa madzi, ndikamva chizungulire ndidye. Inu idyani, jakisoni mwabaya kale."

Mayi Pyo adadya. M'zaka makumi anayi ndi zitatu za banja anali asanaikepo chakudya mkamwa amuna awo asanayambe. Kawiri dzanja lawo lidanyamula lokha chidutswa cha nsomba kulowera kumbale yovundikirayo, ndipo kawiri a Bong adaliyang'ana mpaka lidabwerera. Masana zidali chimodzimodzi, kungoti mimba ya a Bong inkalira mokweza ngati injini ya boti.

"Mudzipempheratu," adatero Mayi Pyo. "Kusadya kokha ndi njala chabe."

A Bong adakanda kumutu, adatsinzina diso limodzi. "Inu akumwamba, ndine Bong. Sitidziwana kwenikweni, koma akazi anga mumawadziwa. Mwana uja ndi wamanyazi, koma mtima ali nawo. Basi."

Mayi Pyo adafuna kuseka, koma misozi ndiyo idatsogola. Adagwira dzanja lokhakhala la amuna awo n'kumaliza okha pempherolo.

Foni idalira nthawi itakwana 3 koloko masana. Anali Tae-ho. Madala aja, bambo a mkaziyo, adamusiya chogwada ola lathunthu, kenaka adamuthirira tiyi okha, n'kunena kuti akufuna aonane ndi makolo ake mwezi wamawa.

A Bong adamenya tebulo. "Mwaona, mayi a Tae-ho? Kawiri kokha! Inu zaka zonsezi mumakatani kutchalitchi? Tawotchani nkhumba."

"Womasula kusala amayamba ndi phala."

"Phala? Ine ndadwala?"

Adawaphikira phala la mpunga lamadzimadzi. A Bong adang'ung'udza, koma adatenga supuni. Mayi Pyo adakhala moyang'anizana nawo, akuwerenga ndi maso supuni iliyonse, ndipo mbale isanathe n'komwe anali ataimirira kale chipande chili m'manja.