Magalimoto Oyera a Don Evaristo

Ovidio atakankha chitseko cha shedi, nkhunda zinabalalika, Noemí n'kugwira pakamwa. Magalimoto makumi awiri, oyera okhaokha, anali ndandanda kuyang'ana kukhomo ngati anthu odikira misa. Mipando idakali m'mapulasitiki, fumbi la m'minda ya soya lili mbuu pamadenga.

Bambo awo, Don Evaristo, anali atangoikidwa Lachiwiri. Zaka zonse zomwe ankagulitsa magalimoto ku Venado Tuerto, ogula akasowa ankangowalembetsa okha n'kuwaika manambala, kuti a kufakitale aziti malonda akuyenda. Ndani sankachita zimenezo? Koma mpaka makumi awiri!

"Wogula wa ku Rosario akubwera mawa," anatero Ovidio. "Atenge onse, tithane nazo."

Noemí anapukuta galasi loyamba ndi mkono wa diresi yake yakuda. Mkati munali pepala la umwini. Anawerenga, n'kupita pa lachiwiri, kenako lachitatu.

"Achimwene, tabwerani. Onsewa ali m'dzina la Lisandro."

"Usayambe zachibwana, iwe."

Lisandro anali chitsiriza m'banjamo, wamtali ngati mlongoti. Bambo anamupirikitsa zaka khumi ndi zisanu zapitazo atakana ntchito ya magalimoto, ndipo dzina lake silinatchulidwenso patebulo. Ngakhale uthenga wa maliro Ovidio analetsa kumutumizira.

"Mdala ameneyu watimanga ali m'manda!" Ovidio anamenya chitsulo ndi chibakera. "Kape uja asanasaine, sitigulitsa ngakhale tayala."

"Ndiye kamugwadireni."

"Ine? Bola awole pompano."

Noemí analowera kumapeto kwa shedi. Munali zii, komabe ankamva ngati wina akumutsatira. Galimoto yomaliza inalibe fumbi, makiyi ali pomwepo. Magalimoto ena onse anali asanayendepo, koma iyi inkaonetsa makilomita zikwi zinayi. Atatsegula, fungo la fodya wa bambo ake linamulandira, ngati angotsikamo kumene. Pachiwongolero panamatidwa kapepala ka dzina la Lisandro ndi adiresi ya ku Río Cuarto, m'zilembo zonjenjemera za bambowo.

Mpando woyendetsera unali wokokeredwa kutsogolo, poyenera timiyendo tatifupi ta bambo ake. Wapambali anauchotsa pulasitiki n'kuukankhira kumbuyo mpaka pothera, koma nsalu yake inali yosakhalidwapo. Mdalayo ankafika pageti pa Lisandro, n'kubwerera yekha.

Noemí analowa, n'kuliza injini.

"Ukupita kuti?" anakuwa Ovidio.

"Tsegulani chitseko chonse, achimwene."

Anakonza galasi loonera kumbuyo, nakankha mpando wake pang'ono. Wapambaliwo sanaukhudze.